Munthu Wosamba mu Hita ya Gelesomu

Pali malemu bambo anga amene agona pansi pa mkuyu, pali mano anga otsalawa, ndikanama pano mphenzi inding'ambe pakati ngati nsungwi! Nkhani iyi ndi yoona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ine kusukulu sindinapondeko, n'chifukwa chake kunama sindikudziwa, bodza amaphunzira m'kalasi. Koma amene wangodya kumene asendere uko, chifukwa zimene ndikambezi zinasanzitsa ngakhale galu wa pabucha.

Gelesomu Nyoni anali dalaivala wonyamula kachewere kuchokera ku Tsangano kutsikira naye kumsewu wa tala. Pikapu yake inali nkhalamba, inabadwa ine ndisanamere ndevu. Chitseko ankamanga ndi linya, ndipo kuti ilire inkafuna kukankha. Ine ndemwe ndinaikankhapo pachitunda ndi dzanja limodzi, linalo ndikusenda nzimbe. Zonse m'galimoto imeneyo zinali zakufa kupatula chinthu chimodzi, hita. Ikati ipume, munthu unkavula jekete, amayi n'kumayanika matewera pa dashibodi.

Musaiderere hita ku Tsangano. Mwezi wa Juni kumeneko kumazizira mwakuti mwamuna akamataya madzi kuseri amachita kuthyola ngati phesi. Ndinaziona ndi maso angawa.

Tsono m'mudzi wa Kamtedza munagwa maliro a bambo wina dzina lake Dafuleni. Ameneyu anali munthu wodana ndi madzi. Ankati madzi a ku Tsangano ndi mpeni, iye si mbuzi. Mvula ikamabwera ankathawa ngati thumba la mchere. Litsiro la m'khosi mwake mukanadzalamo nyemba zikanabereka. Kusamba kwake koyamba chikulire kunali kwa tsiku limene anamusambitsa ali gwa pamphasa.

Gelesomu ndiye anatumidwa kukasiya bokosi. Pokwera chitunda cholowera m'mudzimo injini inawira, nthunzi kuti tolotolo pansi pa boneti. Anafika pamaliro nkhope ili gwaa, mtima uli pa matumba a kachewere amene ankamudikira kumunda. Aliyense woleredwa ndi anthu amadziwa kuti pamaliro umayamba wakhala pansi, kupepesa, ndipo ukafuna kanthu umafunsa eni ake. Iye ayi. Adzukulu akutsitsa bokosi, iye anazungulira kuseri kwa nyumba ya siwa kusaka madzi. Anapeza ndowa yovindikira ndi masamba a nthochi, pambali pake pali kadzenje kongokumba kumene. Anavundukula. Madziwo anali otuwa, pamwamba pali kathovu.

"Otsukira mbale awa," anatero. "Injini ilibe lilime."

Anakhuthulira onse mu ladiyeta, n'kutembenuzira galimoto kumatsitso. Akutuluka m'mudzi anaona pagalasi amayi akuthamanga, akukupiza zitenje, pakamwa pali yasa. Iye anaseka.

"Matola aulere kulibe, amayi. Kuchigayo mupita wapansi."

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu yoti ukatambasula mkono zala osaziona. Gelesomu anayenda mpaka singano ya kutentha inafika pakati, ndiye anapotokola hita monga mwa masiku onse. Fani inalira. Mpweya unatuluka. Koma unali wozizira ngati wochokera m'phanga, ndipo unabwera ndi kafungo. Sopo analipo m'fungomo, sopo wamtanda uja. Kuseri kwa sopoyo kunali kanthu kena, konga chikumba chonyowa chimene chaiwalika m'nkhokwe. Gelesomu anatsitsa galasi, analavula, n'kunena kuti mwina khoswe wafera m'kati.

Tsiku limenelo mapazi ake anazizira, ndipo sanafundenso. Anawaika pafupi ndi mbaula mpaka sokosi zinanunkha kupsa, koma mapaziwo zii.

Masiku otsatira tinthu tinayamba kusokonekera. Chiguduli chopukutira galasi, chimene ankachisiya chouma pampando, ankachipeza chonyowa, chofinyidwa bwinobwino, chitayanikidwa pa chiwongolero. Kachidutswa ka sopo kamene ankasunga kosambira m'manja kanasowa. Tsiku lina akuponda kilachi anamva chinthu pansi pa chidendene. Potola anapeza mwala wokhulira mapazi, woterera, pali timakungu toyera tomatirira. Anauponya kutchire akunyansidwa. Madzulo anaupeza pomwepo.

Ndiye phokoso. Akazimitsa injini, kuseri kwa dashibodi kunkamveka madzi. Osati kudontha ayi. Kunkamveka khuvu, khuvu, ngati munthu akutapa madzi ndi manja n'kumadzithira kumsana. Kenako kachete. Kenako kupuma kwautali, kwa munthu amene akumva kukoma.

Panali mayi wina wogulitsa kabichi amene ankalimbirana mpando wakutsogolo chifukwa cha hita ija. Tsiku lina anakwera, anayenda pang'ono, n'kuyamba kudzikokera kuchitseko.

"Adalaivala, imani nditsike. Ndikakhala kumbuyo pa matumba."

"Kunja kukuzizira chonchi, mayi?"

"Bola kunjako. Ine sindinazolowere kukhala pamene bambo wa eni ake ali chivulire."

"Bambo wake uti?"

Mayiyo anakankha chitseko. Anatsika ataphimba mphuno ndi chitenje, maso akuyang'ana kumbali ngati mmene amachitira munthu akadutsa pa dooko losambira amuna kumtsinje.

Apo n'kuti kuzizira kutakwera kufika m'mawondo a Gelesomu. Mkazi wake, Nankhoma, anayamba kugona atayala chitenje pakati.

"Bambo a Esimi, miyendo yanuyi ndi ya munthu wamoyo? Usiku mwandikhudza ndinalota ndili kumochale. Dzana inali m'mapazi, lero yafika apa. Ikafika pamtima ine ndidzawauza chiyani abale anu?"

"Ndi hita yafa basi. Ndikakonzetsa."

"Kakonzetseni. Ndipo musambe, mukununkha ngati mphasa ya wodwala."

Gelesomu anali atasamba kale kawiri tsiku limenelo.

Anatsikira kwa a Kaphuka, makaniko wa pansi pa mtengo wa bulugamu pafupi ndi msika. A Kaphuka anali munthu wa chifuwa cha fodya ndi pakamwa posatseka. Anazungulira pikapu ija akupukusa mutu.

"Gele, galimoto iyi ikufunika m'busa, osati makaniko. Yatani lero?"

"Hita ikupuma chisanu, akulu."

"Hita si moto, mphwanga, anthu mumaganiza muli makala m'menemo. Ndi madzi otentha ochoka mu injini, amadutsa m'kaladiyeta kakang'ono kuseri kwa dashibodi, fani n'kumauzira. Tsono wakuba kutenthako timugwira pompano. Tsegula boneti."

Anayamba ndi madzi. Anali odzaza mpaka pakhosi. A Kaphuka anaviika chala, anachinunkhiza, nkhope inakwinyika, anachipukutira pa ovolosi nthawi yaitali kuposa mmene chala chimafunira. Anamasula thamositati, kachitseko kaja kamene kamatsegulira madzi injini ikatentha, anakaponya m'chitini cha madzi owira pa mbaula ya mayi wokazinga tchipisi. Kanayasama bwinobwino.

"Aka n'kosalakwa."

Anabwezera, analiza injini mpaka inatentha. Anaika dzanja potulukira mpweya, fani inkauzira mwamphamvu. Anakoka kawaya kotsegula mpweya wotentha, kankayenda. Ndiye anatsamira pa injini n'kuloza mapaipi awiri akuda olowa kukhoma la kutsogolo kwa dalaivala.

"Iyi imalowetsa, iyi imatulutsa. Zonse zimayenera kutentha. Gwira iyi."

Gelesomu anagwira n'kuchotsa msanga dzanja. Inkaotcha.

"Tsono gwira inzakeyo."

Anagwira. Zala zinamatirira. Paipiyo inali ndi chisanu choyera mbee, pamenepo injini ikutentha moti mukanaotcherapo chimanga.

A Kaphuka anakhosomola, anakanda m'mutu ndi sipanala. "Ikatsekeka ndi dzimbiri, yotulutsayi imangokhala yofunda pang'ono. Iyi ndiye ayi. Madzi akulowa owira, kutuluka ngati a m'firiji. Alipo akuwadyerera m'katimu."

"Ndani?"

"Ine ndimakonza zitsulo, Gele. Tiyeni tiipope tione chimene chatseka."

Mwatsoka magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, makina opopera mpweya ali chete. Anadikira injini izizire, a Kaphuka anazula mapaipi onse awiri kumbali ya injini, ina anailozetsa m'beseni, inayo anapatsa Gelesomu.

"Uzira apa. Ine chifuwachi sichingandilole. Uzire ngati ukukoleza nkhuni zaziwisi."

Gelesomu anapukuta kukamwa kwa paipi ndi malaya, anailuma, anakoka mpweya, n'kuuzira mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Kunali ngati kuuzira mwala. Anauziranso. M'beseni munagwa kanthu kuti thapsa. Chinali chibuluma chotuwa cha litsiro lokulungika ngati mmene limachitira munthu akadzikhula, mosakanikirana ndi tsitsi la imvi lopotana. Pambuyo pake panatsetsereka chikhadabo chachikasu, chokhuthala ngati cha chala chachikulu cha kuphazi.

Mayi wa tchipisi anavindikira chiwaya chake n'kuchinyamula kupita nacho kutali.

"Uziranso," anatero a Kaphuka, mawu atachepa.

Gelesomu anatsegula kukhosi kuti akoke mpweya wina, paipi idakali m'kamwa. Pamenepo ndi pamene wa m'katimo anabwezera. Ndikunena kuti paipi inauzira yokha! Madzi anabwera phwii, kudzaza masaya, ndipo asanaganize n'komwe, kholingo linachita ntchito yake. Gwiti! Anameza.

Abale anga, ine ndinadyapo khwangwala wowola nthawi ya njala, koma zimene anamva Gelesomu palilime sindingazipirire. Munali sopo, munali mchere wa thukuta lakalekale, munali kafuta koterera kamene kanamata kumwamba kwa m'kamwa, ndipo katsitsi kamodzi kanatsalira pakati pa mano. Anagwada, anadzikanda kukhosi, koma sipanatuluke kanthu. Madziwo anatsika n'kukhala m'mimba ngati mwala wa mumtsinje, ndipo kuzizira kumene kunali m'mawondo kunalumpha kukakumana nawo pamchombo.

A Kaphuka anabwerera m'mbuyo. "Gele, usandinamize. Madzi awa unawatunga kuti?"

"Kwa Kamtedza. Pamaliro a Dafuleni."

"Pachitsime?"

"Kuseri kwa siwa. Anali mu ndowa."

"Yovindikira ndi masamba? Pambali pali dzenje?"

Gelesomu anavomera ndi mutu.

"Mayo ine, chala changa!" A Kaphuka anathamangira chigubu cha petulo n'kuyamba kutsuka dzanja lonse mpaka m'chigongono. "Chitsiru iwe! Unakulira kuti? Amenewo ndi madzi osambitsira mtembo! Wandigwiritsa Dafuleni ndi chala chimene ndimadyera!"

Komabe anamuthandiza, atavala majumbo m'manja. Anakhetsa madzi onse a mu injini ndi mu hita, pamodzi ndi za m'beseni zija, kuthira m'chigubu. Mu injinimo anathiramo ena a pampopi.

"Bweza kwa eni ake lero lomwe. Ndipo usadzabwerenso pano, ngakhale kudzapopetsa tayala."

Gelesomu anakwera mtunda wa ku Tsangano dzuwa likupendeka, nkhungu itayamba kale kutsika m'mapiri. Chigubu anachimangirira kumbuyo, koma njira yonse ankachimva, khuvu, khuvu, ngakhale pamene msewu unali wosalala. Hita inali isanafundebe. Mano ankagundana. Akagwira pamimba pankakhala ngati pa botolo la m'madzi oundana, ndipo malire a kuzizirako ankawamva akukwera nthiti imodzi imodzi.

Kwa Kamtedza anakumana ndi a Chidzanja, mkulu wa adzukulu, munthu wamfupi wa maso ofiira amene anakumba manda ambiri kuposa mbewa za m'dambo. Ulendo uno Gelesomu anakhala pansi, anavula chipewa, anapepesa maliro amene anali atapita kale. Anthu anayamba kusonkhana.

"Ndiwe unaba madzi a Dafuleni?" anafunsa a Chidzanja.

"Sindinadziwe, akuluakulu. Ndimayesa otsukira mbale."

"Mbale yake inali yaikulu," anatero wina kumbuyo, koma palibe anaseka.

"Kuno madzi amenewo timawathira m'dzenje n'kukwirira mtembo usanatuluke," anapitiriza a Chidzanja. "Tikatero ndiye kuti munthu wamaliza kusamba, anyamuke. Iwe unamutenga ali pakati. Ife tinamusambitsa ndi ozizira, nkhuni zinali zonyowa. Iwe wakamutenthetsera. Munthu amene sanalawepo madzi otentha chibadwire, ukuganiza atulukamo yekha? Dzenje lija lidakali chitsegukire, nkhuku sizikuyandikirako."

Anazungulira kuseri, mudzi wonse uli pambuyo, amayi ataphimba mphuno. Ndowa ija inali pomwe anaisiya, palibe anaikhudza. M'kati mwake litsiro linali litasiya mzere wakuda pamene madzi analekezera. A Chidzanja anakhuthula chigubu mu ndowa. Madzi anakwera, anakwera, n'kuima pansi pa mzerewo pang'ono chabe, mpata wa chikhadabo.

"Aperewera."

"Ndi omwewo onse," anatero Gelesomu.

"Unataya panjira?"

"Ayi."

"Ena anatsala kwa makaniko?"

"Tinakhetsa onse."

Gelesomu anayang'ana anthu. Munali makasitomala ake m'gulumo, munali amuna amene ankamwa nawo masese chipanda chimodzi, munali mlamu wa mlongo wake. Anene bwanji pamaso pawo kuti Dafuleni wina ali m'mimba mwake? Anatseka pakamwa, katsitsi kaja kakumugwira lilime.

"Chabwino," anatero a Chidzanja. "Mwini wake akuti ndi onse. Thirani, tikwirire. Zotsala akalondola yekha Dafuleni, njira akuidziwa."

Madzi anathiridwa m'dzenje. Sanalowe pansi. Anangoima, otuwa, akugwedezeka pang'ono pamene kunalibe mphepo. Mdzukulu wina anatapa dothi ndi khasu n'kuponyamo.

Dothi limenelo Gelesomu analimva likugwa m'chifuwa mwake. Mpweya unadukira pakati. Kuzizira kunadutsa nthiti zotsala n'kugwira mtima ngati dzanja lonyowa, zala zake zikufufuza pogwira bwino. Khasu lachiwiri lili m'mwamba, iye anagwa chogwada.

"Imani! Ndinamwako!"

Mdzukulu uja anaimitsa khasu m'mwamba.

"Wati chiyani?" anafunsa a Chidzanja, amene anamva bwinobwino. "Kweza mawu, makutu angawa ndi okalamba."

"Ndinamwako! Ndimauzira paipi, anandilowa m'kamwa, ndinameza!"

Amayi anakuwa ngati aona njoka m'mtsuko. Wina anathamangira kuseri kwa nkhokwe atagwira pakamwa. Mkazi wamasiye wa Dafuleni analavula pansi.

"Ine ndinakhala nawo bambo amenewa mpaka imvi, koma sindinafikepo pamenepo."

A Chidzanja anaitanitsa madzi ofunda a mchere wambiri, anazula nthenga ya tambala amene ankadutsa, anamugwira Gelesomu pakhosi ngati mbuzi yomwetsa mankhwala, mutu ataulozetsa m'dzenje. Nthenga inalowa. Poyamba panatuluka tiyi ndi mbatata za m'mawa. Kenako kanthu kanakana, kanagwira m'kati, Gelesomu maso ali tong'o, misozi ili chuchuchu. A Chidzanja anamumenya chibakera pamsana.

"Tuluka, Dafuleni! Wayera, wamva? Wayera mokwana!"

Anatuluka. Anali madzi okwana kamwa limodzi basi, otuwa monga analowera, osasakanikirana ndi kanthu, ozizira mwakuti milomo ya Gelesomu inasweka. Atangogwera m'dzenje, madzi onse aja anamira kamodzi n'kamodzi, ndipo pansipo panamveka kupuma kuja kwautali. Amene anali pafupi akuti kunamveka ngati kodandaula. Adzukulu anakwirira mothamanga, n'kupondaponda.

Gelesomu anagona chafufumimba pafumbi. Kenako thukuta linayamba. Linatuluka pachifuwa, linatsika m'mimba, m'mawondo, mpaka zala za kuphazi zinayamba kuyabwa ngati zalumidwa ndi linthumbu. Analira ngati mwana. Pobwerera, asanafike n'komwe pa chitunda chija, hita inapuma moto woti mphira wa nsapato zake unafewa.

Moyo anaupeza, ndipo Nankhoma anachotsa chitenje chapakati chija. Koma nkhani inafika kumsika iye asanafike. Kuyambira tsiku limenelo, Gelesomu akafika pamowa, chipanda chimamudumpha. Kunyumba kwake komwe ali ndi kapu yakeyake, yomangidwa kachingwe kofiira pachogwirira, imene amaitsuka yekha n'kuipachika pamsomali panja.

Ukuti chiyani iwe Lunguzi wakhala kumbuyo uko, ndi njinga yako ya kabaza yopanda n'komwe ladiyeta? Ukuti sopo ndi matope zimatseka hita ina iliyonse? Ukuti madzi amene awira mu injini masiku onsewo sangabwerere pa mzere wa ndowa, amauma? Zamkutu! Amauma ndi madzi a anthu amoyo. Unayamba waonapo wakufa akuchepa chifukwa cha kutentha kwa injini? Gelesomu alipo mpaka lero, amaima pa sikelo ya kachewere Lachisanu lililonse. Ngati ukuti ndi matope chabe, pita ukamupemphe madzi akumwa m'kapu yake ija, ine ndidzakuperekeza.